Chiswahili cha ku Kariakoo: zolemba za m'kope langa

7 Januwale

Ndagula kope la chikuto cholimba, longa lomwe ndimalembamo angongole. Cholinga chake ndi ichi: ndiphunzire Chiswahili, kuti pofika pa 7 Julaye ndizioda katundu ku Dar es Salaam ndekha, popanda wondiyankhulira, ndipo Mtanzania akaimba foni ndisamadule n'kumuuza kuti alembe meseji. Kalasi sindilowa. Nthawi yake ndilibe, ndipo benchi yanga ya zitenje singadziyale yokha.

Chandifikitsa apa ndi ulendo wa mu Disembala. Chino n'chaka chachitatu ndikupita ku Kariakoo, dera la malonda la mu Dar es Salaam, kukapikula zitenje ndi nsapato, ndipo ulendo uliwonse ndimagwira mnyamata wa konko woti andiperekeze m'mashopu, amene eni ake amati winga. Tsiku limenelo ndinaima pambali pake iye akukambirana ndi mwini shopu. Ndinamva ndi makutu angawa mwini shopu akuti "kumi na tano". Mnyamata n'kutembenuka, nkhope ili gwa, "Mama, eighteen." Kumi si khumi lathu lomweli kodi? Tano si zisanu? Mashilingi 3,000 pa chitenje chilichonse, zitenje 60. Ndinalipira ndili chete, poti ndikanatsutsa ndi pakamwa pati? M'basi pobwerera tulo sitinabwere, ndinkangowerengera zaka zitatu zimene ana a eni akhala akundidyera masuku pamutu.

Dongosolo ndi ola limodzi ndi theka patsiku. M'mawa ndikamayala katundu ndizimvera wailesi ya ku Tanzania pa foni, madzulo ndizilemba mawu khumi atsopano. Tsiku lomwe ndachita ndichonga, lomwe ndajomba ndilemba X. Chochititsa manyazi n'chakuti kuno ku Mzuzu tili ndi msika wa Taifa, pomwe Chiswahili chimamveka kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, koma ine ndakhala ndikuchimva ngati phokoso la chigayo. Mayi woyandikana naye benchi ndi wa ku Mbeya, ndimamutchula dada, kutanthauza chemwali m'Chiswahili. Tapangana kuti mpaka nthawi ya nkhomaliro asamandiyankhe m'Chichewa kapena m'Chitumbuka ngakhale nditalira.

21 Januwale

Masabata awiri onsewa athera pa manambala, chifukwa m'pamene panandipweteka. Zoyambirira n'zaulere: moja, mbili, tatu, nne, tano, ndiye chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Kupitirira apo chibale chimaduka. Sita, saba ndi tisa ndi mawu ochokera ku Chiarabu, chimodzimodzinso ishirini, thelathini, arobaini mpaka tisini. Thelathini ndi 30, themanini ndi 80, ndipo dada akayankhula mothamanga awiriwa amamveka ngati mapasa. Pa malonda kusiyana kwake ndi mpamba wa munthu.

Elfu ndi 1,000, laki ndi 100,000. Palinso a mumsewu amene wailesi siitchula: jero ndi 500, buku ndi 1,000. Tsiku loyamba dada atanena kuti "nipe buku mbili" ndinamupatsa kope langali ndi la angongole, anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Ndalama yapepala ya 10,000 amaitcha msimbazi, chifukwa ndi yofiira ngati yunifolomu ya timu ya Simba, yomwe likulu lake lili mu msewu wa Msimbazi ku Kariakoo komweko.

Njira yomwe yandithandiza ndi yoti nambala iliyonse yomwe ndaona ndiziitchula m'Chiswahili: ya pa minibasi, ya mayunitsi a magetsi, ndalama zomwe ndagulitsa patsiku. Ndazindikira kanthu kodabwitsa. Ine 47,500 ndikutha kuinena m'Chiswahili, arobaini na saba elfu na mia tano, koma m'Chichewa cha makolo anga sindinainenepo chibadwire. Ife ndalama timawerenga m'Chingerezi, ngakhale agogo a kumudzi.

10 Febuluwale

Ndabwerako ulendo woyamba chiyambire kopeli, ndipo pali zambiri.

Njira ndi yomwe ija: Chiweta, Karonga, Songwe, kuwoloka mlatho kufika pa Kasumulu pomwe wotchi imalumpha ola limodzi kutsogolo, kenako Tukuyu, Uyole, n'kugwira msewu wautali wa makilomita oposa 800 wodzera Makambako, Iringa, Mikumi ndi Morogoro. Kale ulendo umenewu ndinkangogona. Ulendo uno ndinatchera khutu ngati kalulu. Cha ku Kyela khutu limasokonezeka, chifukwa anthu amasakaniza ndi Chinyakyusa, chomwe ndi chimodzimodzi ndi Chingonde cha ku Karonga, koma kuyambira Makambako ndinayamba kutola. Nyumba, moto, nyama, mbuzi, kufika, kuona, kulima, kuimba: onsewa ndi athu omwe, sanasinthe ngakhale kadontho.

Tikutsika phiri la Kitonga m'pamene ndinatulukira chinthu chimene palibe anandiuza. Mayi wina anati "njaa", akusisita pamimba. Njala! Kenako kondakitala anati "mvua" akuloza mitambo. Ndinatulutsa kope n'kuyamba kulemba basi ikugwedezeka: mvula ndi mvua, njira ndi njia, kuvala ndi kuvaa, kulira ndi kulia, kukula ndi kukua, kukhala ndi kukaa. Chiswahili chili ngati chimanga chokonola, gaga wa l ndi r uja anamupeta. Kuyambira pamenepo liwu lililonse lothera mavawelo awiri ndimayesa kubwezerapo gagayo, ndipo nthawi zambiri mumatuluka m'bale wanga. Tsiku limodzi lokhalo ndinapeza mawu ochuluka kuposa a masabata awiri a m'kope.

Ku Kariakoo ndinatengabe winga, koma wina, ndipo mwini shopu akatchula mtengo ndinkaubwereza mokweza m'Chiswahili ndisanayang'ane mnyamatayo. Anazindikira msanga kuti pano palibe chakudya, tinangogwirizana ya tsiku lonse. Dzina loti Kariakoo, anandiuza bambo wina wogulitsa nsapato, linachokera ku Carrier Corps, gulu la onyamula katundu wa asilikali a Britain pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Ndinangoti kodi! Ndi amtengatenga aja agogo ankasimba, amene anatengedwanso kwathu kuno pa nkhondo yomweyo. Lero zidzukulu tikusenzabe mitolo pa malo omwewo, kungoti ya zitenje.

Mawu a pa malonda ndi ochepa ndithu. "Bei gani?" pofunsa mtengo. "Jumla au rejareja?", kutanthauza kupikula kapena kugula chimodzichimodzi. "Punguza kidogo" ponenerera. Dada anandichenjeza kuti ndisamati "nataka", ndikufuna, koma "naomba", ndikupempha, ngakhale ndalama zili zanga. Ndinayesa zonse ziwiri ndipo nkhope za ogulitsa zimasiyanadi.

Tsono manyazi. Pali bambo wachikulire wovala mkanjo woyera amene ndimagulako zitenje zabwino. Anandichotsera mtengo, ine mtima uli mwaa, ndinafuna kunena kuti mawa ndibwera tidzacheze. Ndinati, "Kesho nitakuja kucheza na wewe." Shopu yonse inaphulika. Kucheza kwa iwo ndi kusewera kapena kuvina. Mayi wa ana anayi kupangana ndi mkulu wa ku mzikiti kuti mawa tidzavine! Mkuluyo anangogwira ndevu n'kuti, "Karibu, mwanangu, lakini miguu yangu imechoka," kuti miyendo yake inatopa. Madzulo ake ku nyumba ya alendo ndinauza mtsikana wa ntchito kuti "nataka kuchapa", iye n'kubwerera m'mbuyo, "Kumchapa nani?" Kuchapa ndi kukwapula, kuchapa zovala amati kufua. Potsanzika ndinati "napita Malawi", akuti mukudutsa Malawi kupita kuti, ku Zambia? Kupita kwawo ndi kudutsa.

Ndatsegula tsamba lapadera, mutu wake "Abale achinyengo". Muli kale kucheza, kuchapa, kupita, kucheka komwe ndi kuseka, kusema komwe ndi kunena, kutenga komwe ndi kupatula, ndi chuma chomwe kwa iwo ndi chitsulo chabe.

3 Malichi

Kwa masabata atatu ndakhala ndikuyankha dada zosemphana osadziwa chifukwa. Akafunsa "unafanya nini?" ine ndimasimba za dzulo. Vuto ndi ka na. Kwathu "ndinapita" n'zakale, kwawo na ndi zomwe zikuchitika pompano. Ndinazigwira Lachinayi lapitali. Dada anali ndi mbale ya mpunga pamiyendo, foni ili kukhutu, akuuza woimbayo kuti "ninakula". Ine ndinamva kuti ndinakula, n'kumadabwa kuti mayi wa zidzukulu akuuziranji munthu zoti anakula. Akudya!

Ndiye ndandanda wake ndi uwu: na ndi tsopano, li ndi kale, ta ndi m'tsogolo, me ndi zomwe zangochitika. Ndipo ku wathu wa "sindikuona" kwawo amatembenuka, "sikuona" ndiye kuti sindinaone.

Apa ndivomere. Mphunzitsi akanandilembera zimenezi pa bolodi, mphindi khumi zikanakwana. Ine zanditengera masiku 21 ndi kutukwanidwa kawiri. Amene amati kalasi ilibe ntchito sanavutikepo ndi ka na. Komabe chimene ndachitola ndi manyazi sichichoka m'mutu, pomwe Chifalansa chomwe ndinaphunzira zaka ziwiri ku sekondale, cha pa bolodi, chinatsala bonjour yekha.

24 Malichi

Ma X khumi ndi limodzi otsatizana. Wachisanu ndi chiwiri kubadwa kwa mlamu wanga anagonekedwa ndi malungo, kenako maliro kwathu ku Ntcheu. Nditabwerera manambala ndinawapeza ali chilili, koma aneni ambiri athawa. Ndayambiranso.

15 Epulo

Sabata ino yandidyera ndalama, ndipo wolakwa ndine.

Ulendo uno sindinapite, ndinaoda pa WhatsApp n'kutumiza ndalama. Wonyamula katundu anaimba foni. Kale ndikanadula, koma ndinalimba mtima n'kuyankha. Anati, "Mama, mzigo utafika mpakani Jumatatu, saa nne asubuhi." Ndinamva liwu lililonse. Mzigo ndi katundu, mpakani ndi pa boda, tatu ndi zitatu, nne ndi zinayi, asubuhi ndi m'mawa. Ndinalemba m'kope monyadira: Lachitatu, 4 koloko m'mawa. Ndinadandaula pang'ono kuti anthuwa amafikiranji mbandakucha, koma ndinanyamuka Lachiwiri, n'kugona ku Karonga.

Katundu anali atafika Lolemba. Anakhala masiku awiri m'nyumba yosungira katundu, ya lendi yolipira patsiku, ndipo mnyamata wa galimoto anali ataimba kasanu pa nambala yanga ya ku Tanzania yomwe inali m'chikwama.

Dada atamva anandikhazika pansi ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Ife timayamba kuwerenga sabata Lolemba, n'chifukwa chake tsiku lotsatira ndi Lachiwiri. Iwo amayambira tsiku lotsatana ndi Ijumaa, Lachisanu la mapemphero a Asilamu. Loweruka ndi Jumamosi, loyamba. Lamulungu ndi Jumapili, Lolemba ndi Jumatatu, Lachiwiri ndi Jumanne, Lachitatu ndi Jumatano, ndipo Lachinayi ndi Alhamisi. Choncho Mtanzania akati tano, Mchewa amamva Lachisanu pomwe mnzake akunena Lachitatu. Wotchi nayo imayamba dzuwa likatuluka. 7 koloko m'mawa ndi saa moja, ola loyamba la tsiku. Saa nne asubuhi ndi 10 koloko, yomwe kwathu kuno ndi 9 koloko chifukwa cha ola la pa Songwe lija. Kunena zoona, kawerengedwe kawoka n'kanzeru kuposa kathu kobwereka, koyamba tsiku pakati pa usiku anthu ali mtulo. Njira yachidule ndi kuyang'ana nambala yoyang'anizana nayo pa wotchi ya mivi: 4 amayang'anizana ndi 10, 1 ndi 7. Ndagula wotchi yotchipa ya pamkono chifukwa cha zimenezi.

Chondiwawa n'chakuti ndikanakhala wosamva kalikonse ndikanapempha meseji, mwana wanga n'kundifufuzira, katundu n'kumutenga Lolemba. Chandipweteka ndi kumva theka n'kumayesa ndamva zonse. Walira mvula walira matope. Lamulo latsopano: tsiku ndi nthawi ndizibwereza kwa woimbayo, ndi deti lomwe.

6 Meyi

Ndawerengetsa. Masiku 120 chiyambire, ndajomba 24, ndiye maola 144.

Mwana wanga wamkulu, amene ali ku koleji, wandiwerengera pa intaneti kuti sukulu ya boma la America yophunzitsa akazembe zilankhulo, Foreign Service Institute, imaika masabata 36, maola pafupifupi 900 a m'kalasi, kuti wolankhula Chingerezi agwire ntchito m'Chiswahili. Akuti ndiye amayi mwawapitirira akazembe. Ndamuuza kuti asandinamize. Choyamba, Mzungu amayambira pa thengo losalima. Ayenera kuphunzira kuti mtu akachuluka ndi watu, kiti ndi viti, ndipo mawu onse otsatira asinthe mitu yawo motsatira dzinalo. Zimenezo zimamutengera miyezi, pomwe ine ndinayamwira: munthu, anthu, chinthu, zinthu. Chitumbuka chandiwonjezeranso, chifukwa vinthu ndi maji a kuno ndi vitu ndi maji a ku Dar es Salaam. Chachiwiri, kazembe amafuna kuwerenga nyuzipepala ndi kukambirana za mapangano a mayiko. Ine ndikufuna chitenje chitsike ndi buku mbili. Tonse tikati "ndikudziwa Chiswahili" sitikunena chinthu chimodzi.

Funso loti chilankhulo chimatenga nthawi yaitali bwanji ndimaliyankha ndi Chitumbuka chomwecho. Nditakwatiwa kuno ndinalibe kope kapena wailesi. Ndinali ndi apongozi amene Chichewa ankachimva bwinobwino koma analumbira kuti sachiyankhula pakhomo pawo. Miyezi itatu ndinkatha kutumidwa ndi kupereka moni mogwada. Chaka chisanathe ndinkakangana nawo. Koma nthabwala za pa maliro, zija amayi amanong'onezana kuseri kwa nkhokwe, zinanditengera zaka zisanu kuti ndiziseka pa nthawi yake.

16 Juni

Ulendo wachitatu, woyamba wopanda winga. Kuchokera pa siteji ya mabasi ya Magufuli ku Mbezi ndinakwera ndekha, ndinafunsa njira kawiri, ndinagula m'mashopu asanu ndi limodzi, ndinabweza nsapato zomwe anandisakanizira masaizi, ndipo ndinapambana mkanganowo. Mitengo yomwe ndapeza ikusonyeza kuti mnyamata wa Disembala uja sanali wakuba kwambiri mwa onse.

Kwa mkulu wa mkanjo uja ndinalowa ndi "shikamoo", moni wopereka kwa akuluakulu, iye "marahaba", n'kufunsa ngati ndabwera kudzavina. Chimene chikundivutabe pakamwa ndi wewe. Chiswahili chilibe inu waulemu, munthu mmodzi ndi wewe basi, kaya ndi khanda kaya ndi agogo. Nthawi iliyonse ndikamuuza mkuluyu wewe ndimamva ngati amayi anga andiponyera chikuni kuchokera kumanda. Ndinayesapo ninyi, iye n'kucheuka kuona ngati kumbuyo kwake kuli anthu ena. Ulemu wawo amauika pena: pa shikamoo, pa naomba, pa mzee ndi mama, ndi pa moni wautali wofunsa za kunyumba, za ntchito ndi za ulendo musanatchule mtengo.

M'basi bambo wa ku Kyela ankadandaula kuti "ndege wamekula mpunga wote". Mpunga ndi mpunga womwewu. Ndinaona m'maganizo ndege za pa Chileka zikutera m'dambo, kenako ndinakumbuka kuti ndege kwawo ndi mbalame, ife tinangobwereka dzinalo theka. Ndaonanso kuti nyama amazipatsa mitu ya anthu, wamekula, ngati kunena kuti mbalame adya.

Koma chomwe ndikufuna kulemba kwenikweni ndi cha usiku womaliza. Mayi mwini nyumba ya alendo, amene wandiona zaka zitatu ndili bubu, anasangalala kuti tsopano ndikuyankhula. Anabweretsa tiyi wa tangawizi, tinakhala pa khonde, n'kuyamba kundisimbira za mwana wake wamwamuna. Ndinamva bodaboda, kabaza wa njinga yamoto, ndinamva usiku, ndinamva hospitali ndi damu, magazi. Kupitirira apo mawu ankangodutsa ngati madzi a mumtsinje. Anayankhula mwina mphindi makumi awiri, misozi ili chuchuchu, ndipo ine sindinadziwe ngati mwanayo anamwalira kapena ali moyo wolumala. Kufunsa ndinaopa. Ndinangoti "pole, mama, pole sana" mobwerezabwereza, nditamugwira dzanja. Kwathu pa nkhani yotere ndimadziwa poyambira, pousa moyo, ponena kuti Mulungu ndiye mwini. Apa ndinali ndi mawu a mitengo, masaizi ndi mitundu ya nsalu okhaokha. M'mawa mwake mtsikana wa ntchito ndi amene anandiuza kuti anaika maliro mu Epulo.

Nkhani za pa wailesi nazo zikadali patali. Mwezi uno nyumba ya malamulo ya ku Dodoma ikukambirana bajeti, ndipo pa mawu oti "mfumuko wa bei" ine ndinangotolapo bei.

7 Julaye

Tsiku lomwe ndinadziikira. Ndinalisankha chifukwa ndi miyezi isanu ndi umodzi ndendende, koma dada akuti ndinalasa: kwawo ndi Saba Saba, tsiku lomwe chipani cha TANU cha Julius Nyerere chinakhazikitsidwa mu 1954, ndipo mu 2021 bungwe la UNESCO linalisankha kukhala tsiku la Chiswahili pa dziko lonse. Wabwera ndi maandazi.

Masiku 182, ma X 32, maola 225, kupatula maulendo ndi m'mawa uliwonse wa pa benchi umene sindinauwerengere. M'kope muli mawu 1,100 ndi kanthu, tsamba la abale achinyengo lafika pa 26.

Kuoda ndekha: zatheka, ndipo kunena zoona zinali zitatheka kale cha mu Epulo ndikanalimba mtima. Chiswahili cha pa msika chinandikwanira m'masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Foni: theka. Dzulo wonyamula katundu waimba, tayankhula mphindi zinayi, ndamubwereza tsiku, deti ndi ola, ndipo ndamuuza kawiri kuti "sema polepole". Sindinadule. Koma akaimba munthu amene sindikudziwa chomwe akufuna, mtima umagundabe ndipo chiganizo choyamba chimandidutsa.

Zotsala ndazilemba pa tsamba loyamba la kope lachiwiri. Ka nge ka "ningejua", ndikanadziwa, kamene ndimakamva koma pakamwa sikatuluka. Nkhani za pa wailesi, mphindi khumi patsiku, ndizilemba zomwe ndamva. Dada wavomera kuti Chiswahili chizifika mpaka poweruka, malinga ine ndizimukonza Chichewa chake, poti mwana wake akufunsira mtsikana wa ku Dedza ndipo akuopa kukachita manyazi pa chinkhoswe. Ndamupempha kuti sabata ino tisiye za malonda. Andiphunzitse mawu a kuchipatala ndi a pa maliro, zomwe munthu amanena akalowa m'nyumba ya mayi woferedwa, chifukwa ulendo wa mu Ogasiti ndikafikira pa khonde lomwe lija.